Mapeyala a Mkamwini

Khosi langali linatha kawiri. Koyamba linatha ndi kuwerama, zaka zonse zimene ndinathyola tiyi ku esiteti, dengu lili kumsana, zingwe zikudya mapewa. Kachiwiri linatha ndi kuyang'ana kumwamba, nditaima pansi pa mtengo wa mapeyala umene amuna anga anabzala kuseri kwa nyumba yathu. Lero munthu akandiitanira kumbali ndimatembenuka thupi lonse, ngati chitseko.

Kagwedwe ka zinthu ndinayamba kukaona m'tiyi momwemo. Pothyola tiyi sucheuka kuyang'ana dengu. Manja onse awiri amatsina masamba awiri ndi kansonga, akadzaza n'kuponya kudutsitsa phewa. Wobwera kumene, pofuna kuti kapitawo amuone changu, amaponya timasamba tochepa. Timasambato sititsika, timayandama, kamphepo kakangoti pang'ono takatera pa mzere wa mnzake. Ife ozolowera tinkadikira kuti dzanja lidzaze, n'kufumbata pang'ono, osaphwanya, kenaka n'kuponya. Masamba omwewo akagwirana amalowa m'dengu molunjika. Mayi wina wa ku Thekerani, amene anandiphunzitsa ntchitoyi, ankati, "Tsamba likakhala lokha ndi la mphepo. Lipatse anzake."

Amuna anga ndinakumana nawo konko. Iwo anali m'gulu lodula mabulugamu, nkhuni zoumitsira tiyi ku fakitale, ndipo kukwera kukamanga chingwe kunsonga inali ntchito yawo, poti anali owonda ndi opanda mantha. Kwawo ndi kutsidya kwa Ruo. Titakwatirana anabwera kudzakhala kwathu, pa dothi la amayi anga. Mkamwini kuno amamanga nyumba, amalima, amabereka ana, koma nyumbayo, mundawo ndi anawo ndi za mbumba ya mkazi. Banja likatha amanyamula khasu ndi bulangete, basi.

N'chifukwa chake malume anga anaseka atawapeza akukumba dzenje, nthangala ya peyala yophuka ili m'chitini pambali.

"Akamwini, n'chiyani chimenecho?"

"Peyala, malume."

"Anzanu amabzala chimanga ndi nandolo, zodya chaka chomwecho. Inu mtengo? Tsiku lopita mudzausenza pamutu?"

"Ndizidzabwera kudzapempha mthunzi."

Kuyambira pamenepo mudzi wonse unkautcha mtengo wa akamwini. Anthu ankanena moseka, koma mwini wake ankamva kukoma. Pa malo onse ano, chinthu chimene chinkatchulidwa kuti n'chawo chinali chimenechi chokha.

Mtengowo unali wa mtundu wakale, osati timitengo tamakono tobereka tili m'chiuno. Unapitirira denga, unapitirira mango a anzathu, n'kumanka. Zipatso zabwino zinkakhala kumwamba kwenikweni, kumene ngowe siifika. Ndiponso peyala logwetsa ndi ngowe si la malonda. Likamenya pansi kunja limaoneka bwino, koma likapsa m'kati muli bii, ndipo wogula sabweranso. Choncho pamafunika anthu awiri, wokwera ndi wowakha.

Kuwakha kwake n'kotere. Umatenga saka lakale, n'kulowetsa manja m'kati mpaka m'makona, n'kulitambasula kutsogolo kwako. Peyala likamafika umalichingamira ndi sakalo, n'kulikupiza. Limati phwa pa saka, ukali wake n'kuthera pomwepo, kenaka n'kugubuduka pa udzu lopanda bala. Ukafulumira umakupiza mphepo. Ukachedwa limakupeza pachifuwa. Ine ndinaphunzira ndi zipsera, koma ndinafika podziwa, moti azimayi a mbali ya Nchilamwela ankaima pamsewu, mitolo ili pamutu, kuonerera.

Amuna anga anali ndi kaitanidwe kawo. Asanasiye chipatso ankanena kuchokera m'masambamo, "Lalikulu," kapena "Laling'ono." Ankati akundithandiza, kuti lalikulu ndilifulumirire, laling'ono ndilidikire. Ine ndinkangoti eya, poti manja anga sankamvera mawuwo. Lalikulu ndi laling'ono ndinkakupiza pa nthawi imodzimodzi, ndipo zinkayenda.

Mkangano unabadwa tsiku lina mvula ikubwera kuchokera kuphiri. Iwo pofuna kumaliza msanga anathyola awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo.

"Akubwera awiri. Muyambe lalikulu, laling'onolo likupezani pambuyo."

Ndisanayankhe anasiya onse. Lalikulu ndinaliwakha. Laling'onolo linanditibula paphewa nthawi yomweyo, dzanja lonse n'kuchita dzanzi.

"Mwandimenya dala?"

"Inu mwachedwa kubweza saka."

"Ndibweza bwanji? Afika limodzi."

"Sizingatheke, mayi. Lija ngati mutu wa khanda, linalo ngati dzira la bakha. Afika limodzi bwanji?"

"Tsikani mudzaime pano, ndikwere ine."

"Maso anuwo ndi aulesi."

Nkhani imeneyi tinakalamba nayo. Mabanja ena amakangana za mowa, ena za akazi a kumsika. Ife tinkakangana za peyala. Iwo anali ndi umboni wawo wa kumabulugamu. Ankati mtengo ukamagwa thunthu limayamba kufika, dziko n'kugwedezeka, ndipo masamba ndi timakungwa timabwera pambuyo, munthu utayamba kale kunola nkhwangwa. Ndiye cholemera chimafulumira, nkhani yatha. Ine ndinalibe mawu otsutsira, ndinali ndi phewa lotupa. Ndipo munthu amene ali m'mwamba saona chimene chayamba kufika, amangoona zonse zikumuthawa. Woona ndi wapansi. Koma wapansi ndinali ine, mkazi wawo, ndiye umboni wanga sunkawerengedwa. Chaka chilichonse, akatopa kapena mvula ikawopseza, ankayesanso awiri, ndipo chaka chilichonse limodzi linkandipeza.

Mwana wathu woyamba, wamkazi, ndiye anapita patali ndi sukulu, pano amagwira ntchito ku Limbe. Tsiku lina atabwera anatipeza tili pa nkhani yomweyi, tikusenda makaka pakhonde.

"Ababa, amayi akunena zoona," anatero. "Masamba aja sachedwa chifukwa chopepuka chokha ayi. Mpweya ndi umene umawagwira. Ku sukulu anatiuza kuti kumalo kopanda mpweya, tsamba ndi mwala zimagwa limodzi."

"Aphunzitsi akowo anapitako kopanda mpweyako?"

"Anthu anayesa, ababa."

"Ankapuma chiyani poyesapo?"

Mwana anaseka n'kuisiya. Koma ine ndinakumbukira timasamba ta tiyi tija, kuti tili tokha timayandama, tikagwirana timatsika, chonsecho ndi masamba omwewo. Ndinaona kuti mpweya umagwira chotambasuka. Peyala ndi losalala, lothinana, kaya lalikulu kaya laling'ono, ndipo pa msinkhu wa mtengo wathuwu mpweya sunkapeza nthawi yolisiyanitsa ndi linzake. Sindinanene. Ndinali nditatopa, ndipo makaka anali ambiri.

Zaka zinapita. Ntchito ya ku esiteti inatithera tonse awiri, ine msana utakana dengu, iwo nkhwangwa italowedwa m'malo ndi makina. Nthochi zimene tinkadalira zinagwidwa ndi matenda aja ofinyika masamba, tinazula zonse. Chinatsala ndi kamunda ndi mtengo. Amuna anga tsitsi linayera, mawondo anayamba kulira pokwera, koma nyengo ikafika ankavula nsapato, n'kuvala chipewa chawo chamlaza, n'kulavulira m'manja. Ine ndinkakhala ndi mantha kuyambira akagwira nthambi yoyamba mpaka phazi litabwerera padothi. Khungwa la peyala nthawi ya mvula limaterera, ndipo nthambi zake n'zosakhulupirika, zimathyoka osachenjeza.

Kenaka maso anga anayamba kuchita nkhungu. Ng'ala. Kuyang'ana kumwamba ndinkaona kuwala ndi mdima zitasakanikirana, ndipo peyala, lobiriwira pakati pa zobiriwira, linkatulukira lili kale pamphuno. Tsiku lina linandimenya pamwamba pa diso. Ndinakhala pansi, magazi akulowa m'kamwa, iwo akufunsa kuchokera kumwamba ngati chipatsocho chaphwanyika.

Mwana wathu atamva anabwera Loweruka lomwelo.

"Ababa, basi. Gulitsani zipatso zili mumtengo. Mavenda a ku Bvumbwe amabwera ndi anthu awo okwera, inu n'kumangoonerera."

"Mavenda? Amene amapulula ndi zanthete zomwe? Amene amathyola nthambi ngati akudula nkhuni?"

"Nanga mukagwa?"

"Ndinayamba kukwera iwe usanabadwe."

"N'chimene ndikunenacho, ababa."

Iwo anatembenukira kwa ine. "Inu mayi, mukuti bwanji?"

Ndinati sindigwiranso saka. Ndinalipinda pamaso pawo, n'kukaliika pansi pa mphasa yogonera. Ndinkadziwa kuti popanda wowakha palibe chokwerera.

Sabata imeneyo amuna anga sanakwere. Ankadzuka, n'kukaima pansi pa mtengo manja ali kumbuyo, n'kumayang'ana. Mapeyala okhwima anayamba kugwa okha, thi, thi, agalu n'kumadya. Mchimwene wanga, amene analowa m'malo mwa malume kuyang'anira mbumba, anadutsa n'kunena mwanthabwala, "Alamu, mtengo wakukanani? Tiuzeni, matabwa ake amakhala bwino." Amuna anga anaseka nawo, koma madzulo ake chakudya anangochitsina.

M'mawa mwake ndinawapeza akumanga chingwe ku thumba, kuti akwere nalo paphewa, azithyolera momwemo, likadzaza azilitsitsa. Munthu wokalamba, thumba lolemera likumukokera mbali imodzi, pa nthambi yonyowa. Ndinaima pakhomo kuwayang'ana. Kenaka ndinalowa n'kukatenga saka.

"Koma sindiona," ndinatero.

"Ndaganiza kale. Imani pamalo panu."

Anakwera, kampeni kali m'thumba la malaya. Ndinamva akucheka. Kenaka mawu, "Likubwera." Ndipo linabweradi, koma osati mwakachetechete ngati kale. Linabwera likuti waaa, ngati nkhunda ikutera. Analidula ndi kanthambi kake, masamba ali pomwepo ambirimbiri. Masambawo ankakupiza mpweya, peyala lili pansi pawo likulendewera, ndipo linkatsika mochedwerapo. Kuchedwa kwake kunali kochepa, kongokwanira kuphethira, koma kwa ine kunali kokwana. Ndinkalimva ndi makutu lisanafike, ndipo chinthu chachikulu chotero ngakhale maso a nkhungu amachiona. Ndinakupiza. Phwa.

"Mwaliona?"

"Ndalimva."

"Ndi mabulugamu amenewo. Nthambi ya masamba siimenya pansi ngati chipika."

Tsiku limenelo tinadzaza dengu. Ine ndinkadula timinthambito pansi, mbuzi n'kumadya masamba. Iwo ankaimba kumwambako nyimbo za kwawo m'Chilomwe, zimene ndinali nditaiwala kuti amazidziwa.

Ndipo mudziwe kuti mwamuna saiwala mkangano. Pa tsiku lachiwiri ndinangomva, "Akubwera awiri."

"Musayerekeze."

Anasiya. Onse anali ndi masamba ofanana, lina lalikulu, lina laling'ono. Lalikulu linafika, ndinaliwakha. Laling'onolo linatera pambali panga pambuyo pang'ono, moti kuti phwa ndi kuti thi zinamveka padera.

Kumwamba kunamveka kuseka, kuseka kwenikweni, nthambi mpaka kugwedezeka.

"Mayi, layamba ndi liti?"

"Lalikulu."

"Bwerezani, khutu ili silimva bwino."

"Ndi masambawo. Masamba akugwira onse mofanana, koma lalikulu likuwaposa mphamvu. Chotsani masamba muone."

"Zaka zonsezi. Ndikanafa osamva."

Ndinawasiya akondwe. Nanga ndikanatani? Pa mapeyala a masamba iwo ankanena zoona, pa osalala ine, ndipo khosi linkandiwawa kwambiri moti sindikanatha kulongosola zonsezo ndikuyang'ana kumwamba.

Koma kudula ndi masamba kuli ndi mtengo wake. Peyala lokha umalipotokola ndi dzanja limodzi, linalo litagwira nthambi. La masamba limafuna manja awiri, lina kugwira kanthambi, lina mpeni. Ndiye munthu amatsala akudalira miyendo yokha. Za pafupi ndi thunthu zitatha, zinatsala za kunsonga.

Linali tsiku la kamvula kowaza, chakum'mawa, utsi wa ku fakitale utagona pa minda ya tiyi osakwera. Ndinawauza kuti tidikire dzuwa. Anati zatsala zochepa. Ndinaima pamalo panga, manja m'saka. Ndinamva "Likubwe," mawu osatha, kenaka nthambi kuti thyo.

Sindinaone nkhope yawo. Ndinaona chinthu chachikulu chakuda chikudutsa m'masamba, ndipo manja anga, opusawo, anatambasula saka. Anagwera patsogolo panga, pa dothi lofewa la mvula, chammbali. Peyala limene linathothoka pa nthambiyo, lopanda tsamba ndi limodzi lomwe, linamenya pansi nthawi yomweyo, kugunda kwake ndi kwawo kunali kumodzi. Ine nditaima choncho, saka lili m'manja, ndinaona chipewa chawo chamlaza chikubwera. Chinkatsika mosafulumira, chikupendekera uku ndi uku ngati munthu wobwera ku ukwati, mpaka chinatera pa mwendo wawo. Ndi pamene ndinakuwa.

Anthu anabwera, tinawanyamula pa chitseko mpaka kumsewu, galimoto ya munthu wina wachifundo n'kutifikitsa ku chipatala. Fupa la m'chiuno linali litathyoka. Tinakhalako nthawi yaitali, ine ndikugona pansi pa bedi, ndikuphika kuseri ndi azimayi ena odikirira odwala. Tsiku lina masana, ndikuwapukuta kumaso, anati, "Munatambasula saka."

"Ndani wakuuzani?"

"Ndinaona ndikubwera. Mumati mundiwakhe?"

"Manja anachita okha."

Kenaka anafunsa, "Peyala lija linafika liti?"

"Limodzi ndi inu."

"Ine munthu wathunthu, ndi peyala?"

"Limodzi."

"Nanga chipewa?"

"Pambuyo. Chinabwera mwaulemu."

Anatseka maso. Ndinaganiza kuti agona, koma anati, "Chikanandibwereka ulemuwo."

Titabwerera kumudzi anali a ndodo ziwiri, ndipo mpaka lero mwendo umodzi amaukoka. Mchimwene wanga anabwera kudzawaona, atatenga kalongonda m'kambale. Atatha kupepesa anandiitanira kuseri, koma mawu ake ndi aakulu, ndipo zenera linali lotsegula.

"Achemwali, mtengo uwu udulidwe. Wagwetsa munthu. Mizu yake ikulowanso m'munda, mthunzi ukupha chimanga. Ndapeza kale wocheka matabwa."

Zimene ankanena zinali zoona zonse. Ine mtengowo ndinali nditatopa nawo kuposa wina aliyense. Unandidyera khosi, unandiboola pamwamba pa diso, unandithyolera mwamuna. Ndikanangogwedeza mutu, pofika Lachisanu pakanakhala chitsa, ndipo palibe akanandinena, poti dothi ndi langa. M'nyumbamo munali zii, ngakhale kutsokomola.

"Dothi ndi lathu, achimwene," ndinatero. "Mtengo ndi wa alamu anu. Kafunseni eni ake."

Anandiyang'ana ngati ndayankhula chilankhulo china. Pa mwambo wathu panalibe chowafunsira. Koma analowa, n'kukhala pa mpando, n'kufunsa. Amuna anga anayankha kuti ayi, mwaulemu, ndipo anawonjezera kuti ukabereka adzatumiza dengu. Nkhani inathera pomwepo.

Nyengo yotsatira tinaitana mavenda. Panalibenso njira ina. Anabwera amuna awiri ndi masaka awo, wina wokwera, wina wowakha. Amuna anga anandiuza kuti ndiwatulutsire mpando, ndiuike poti aziona bwino, koma patali ndi pogwera. Anavala chipewa chija. Ine ndinakhala pa mphasa pambali pawo, ndikusankha nandolo ndi zala poti maso sathandizanso, ndipo kwa nthawi yoyamba mapeyala ankatsika ine nditayang'ana pansi.

Sanawapatse mtendere anthuwo. Ilo ndi lanthete, lisiyeni. Nthambi imeneyo musaiponde, ndi yabodza. Wokwerayo ankangoti, "Chabwino, madala," n'kumachita zake. Dzuwa litakwera anafuna kufulumira. Ndinamva akuuza mnzake wapansi, "Awiri awa. Uyambe lalikulu."

Amuna anga anamenya ndodo pansi.

"Iwe, limodzilimodzi. Ukufuna kumuthyola phewa mnzakoyo? Opanda masamba amafika pamodzi amenewo."

Sanandiyang'ane, ndipo ine sindinadzutse mutu. Ndinapitiriza kusankha nandolo. Patapita kanthawi anati dzuwa lawapeza, ndiwasunthire mpando. Ndinadzuka pang'onopang'ono, ndikugwira bondo, n'kuwakokera mumthunzi.